Chiliza sichiyankhula Chisukwa

Mvula ikangosiya, misewu ya kumudzi n'kuuma, ku Malawi kuno kumayamba nyengo ina yomwe simungaipeze pa kalendala ya sukulu kapena ya boma. Ndi nyengo ya ziliza. Kuyambira Julayi mpaka Novembala, Loweruka lililonse pamakhala banja lina lomwe ladzaza minibasi, lavala nsalu yofanana, ulendo wa kumudzi kukavundukula mwala wa pamanda. Magulu a WhatsApp a mabanja omwe anali zii chaka chonse amadzuka. Msungichuma amasankhidwa, mndandanda wa amene apereka ndi amene sanapereke umatumizidwa m'mawa uliwonse, ndipo achibale a ku Joni amakumbutsidwa mwaulemu kuti randi ndi yolemera kuposa kwacha.

Chaka chino banja lathu nalonso lili pamzere. Agogo anga, mayi a bambo anga, anamwalira mu Febuluwale chaka chatha kwathu ku Misuku m'boma la Chitipa, ndipo akuluakulu agwirizana kuti chiliza chimangidwe mvula isanagwe. Zokambirana zatenga miyezi itatu. Mwala ukhale wakuda kapena wotuwa? Ugulidwe ku Mzuzu kapena ku Lilongwe? Simenti ikakwera bwanji mapiri aja galimoto ikakhota pa Kapoka? Koma funso lakuti pamwalapo palembedwe chiyankhulo chanji linatha mphindi zisanu zisanakwane. Chingerezi, chifukwa ndi chimene wozokota miyala anazolowera, komanso ndi chimene adzukulu onse angawerenge. Agogo sankadziwa Chingerezi.

Gawo langa la ndalama ndapereka ndipo pa tsikulo ndidzakhalapo. Komabe ndikufuna kunena maganizo omwe ena sangawakonde. Ife achinyamata amene tapita kusukulu tazolowera kukumbukira agogo athu ndi simenti, pamene manda ndi chinthu chokhacho cha iwo chomwe sichithawa. Zomwe zimathawa ndi chiyankhulo, mbewu, malire a minda ndi mayina a makolo. Zimenezi zimafunika ndalama zochepa kuposa mwala, koma zimafuna nthawi, ndipo zambiri zimatheka pokhapokha mwini wake akadali ndi mpweya.

Mayi “wosaphunzira” wa ziyankhulo zisanu

Pa fomu iliyonse imene Agogo analembedwapo, pa mzere wa maphunziro pankalembedwa kuti palibe. Ankasaina ndi chala. Tsiku lobadwa sankalidziwa. Ankangonena kuti pamene mbendera ya atsamunda inkatsika mu 1964, nthawi imene anthu ambiri ankatchulabe Chitipa kuti Fort Hill, iwo anali kale ndi mwana kumbuyo.

Koma mayi ameneyu ankayankhula Chisukwa pakhomo, Chindali ndi apongozi awo, Chitumbuka ku tchalitchi cha CCAP komwe ankaimba nyimbo zonse pamtima, ndi Chiswahili chokwanira kukanganirana mtengo ndi amalonda ochokera kutsidya kwa Songwe. Chichewa anachitola pa wailesi, ndipo ankachigwiritsa ntchito kwenikweni pofuna kutiseka ife a m'tauni. Ziyankhulo zisanu. Ine amene ndikulemba mayeso a digiri ndili ndi Chichewa, Chingerezi, ndi Chisukwa chomwe chimandikwanira kupereka moni, kupempha chakudya ndi kumva ndikamanenedwa. Asuweni anga obadwira ku Lilongwe ndi ku Johannesburg ngakhale chimenecho alibe.

Pamudzi palibe ankawatchula Agogo dzina lawo laubatizo. Ankaitanidwa ndi dzina la mfunda wa bambo awo, loyamba ndi “Na”, monga mmene zimakhalira m'madera ambiri a Chitipa. Kwathu kuno mwamuna akakhala Silungwe, mlongo wake ndi Nalungwe. Akakhala Simfukwe, mlongo wake ndi Namfukwe. Mkazi sataya dzina limeneli ngakhale akwatiwe, choncho ukangomva dzina lake wadziwa kale kumene anachokera ndi anthu amene sungakwatirane nawo. Lero atsikana ambiri m'kaundula wa sukulu amalembedwa dzina lachimuna la bambo awo, chifukwa fomu ili ndi bokosi limodzi lokha. Ndi kanthu kakang'ono, koma zinthu zimatha motero, kabokosi kamodzikamodzi.

Agogo analera ana awo asanu ndi awiri, kenako m'zaka za m'ma 1990, matenda a Edzi atalowa m'mudzi mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, analeranso adzukulu anayi omwe makolo awo anapita. Fizi ya ena mwa iwo inachokera ku khofi ndi nthochi za kuseri kwa nyumba. Nkhani imeneyi si yachilendo. Ambiri a inu amene mukuwerenga muli pa yunivesite lero chifukwa cha mayi wina wokalamba amene anakana kugulitsa mbuzi yomaliza mpaka tsiku la fizi.

Mmene tinafikira pano

Chitipa ndi boma laling'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 234,927. Koma palibe boma lina m'Malawi muno lomwe lili ndi ziyankhulo zambiri chotere: Chilambya, Chisukwa, Chindali, Chinyiha, Chiwandya, Chimambwe, Chinamwanga, Chitumbuka, Chibemba, ndi zina. Munthu woyenda kuchokera ku Nthalire kudutsa pa Boma mpaka kwa Kameme kapena ku Misuku amasintha moni kangapo tsiku limodzi. Pa kalembera yemweyo, Alambya ndi Asukwa, mtundu uliwonse pawokha, sanakwane munthu mmodzi pa anthu 100 alionse a m'dziko muno. Chiyankhulo cha anthu ochepa chotere chikadumpha mbadwo umodzi wokha, palibe kwina kumene mungakachitenge.

Ndipo kudumphako sikunangochitika mwangozi. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko, pambali pa Chingerezi. Chitumbuka, chomwe amishoni a Livingstonia anachifalitsa kumpoto konse, chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chinabwereranso pa MBC mu 1994, ndipo ziyankhulo zina monga Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zinatsatira. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo, koma kwa mwana wa ku Misuku lamuloli linalibe mabuku oliperekeza. Kenako lamulo la zamaphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Pa zaka zonsezi, mkangano unali pakati pa Chingerezi, Chichewa ndi Chitumbuka. Chisukwa sichinaitanidwe n'komwe ku bwalo.

Taganizirani mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa ku Misuku. Kunyumba amayankhula Chisukwa. Lamulungu amaimba m'Chitumbuka. Lolemba amapeza mphunzitsi akuyankhula Chingerezi, ndipo phunziro lokhalo la chiyankhulo cha m'Malawi lomwe adzalembe pa mayeso a Sitandade 8 ndi Chichewa. Palibe amene amamuuza kuti chiyankhulo cha agogo ake n'chachabe. Amangoona yekha kuti sichipezeka pa bolodi, m'buku, pa chikwangwani cha chipatala, kapena pa foni. Gawo 26 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene wasankha. Koma kusankha kumavuta ngati chimodzi mwa zosankhazo sunachionepo chitalembedwa.

Izi ndinaziona ndi maso pamene ndinapempha kuti pamwala wa Agogo tiwonjezerepo mzere umodzi wa Chisukwa. Pempholo linavomerezedwa. Vuto linabuka pa kalembedwe. Anthu atatu, onse a masatifiketi, analemba mawu omwewo m'njira zitatu zosiyana. Wina analemba motsatira Chitumbuka, wina Chichewa, wina Chiswahili. Onse amachiyankhula bwino, koma palibe anaphunzitsidwapo kuchilemba.

Sikuti akatswiri sanachitepo kanthu. Centre for Language Studies ya University of Malawi inachita kafukufuku wa ziyankhulo za chigawo cha kumpoto mu 2006. Robert Botne wa ku Indiana University anatulutsa mabuku a galamala, mtanthauziramawu ndi nkhani za Chindali mu 2008. Atikonda Mtenje analemba kafukufuku wake wa PhD ku University of Cape Town mu 2016 poyerekeza Chisukwa, Chindali ndi Chilambya. Ndi ntchito yotamandika. Koma katswiri mmodzi sangakhale pakhonde la gogo aliyense. Amene tili ndi khomo lolowera pamakonde amenewo ndife adzukulu.

Zomwe zinapita nawo limodzi

Ndikamanena za chiyankhulo, ena amaganiza kuti ndikunena za nthano za Kalulu basi. Ndiloleni ndipereke zitsanzo ziwiri za zinthu zogwirika.

Choyamba ndi nyemba. Alimi aakazi a m'mapiri a kumpoto sadzala nyemba za mtundu umodzi. Amasakaniza. Mumphika wa mbewu wa Agogo, womwe ankautseka ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, munali nyemba zofiira, zoyera, zachikasu, zamawangamawanga, zazikulu ndi zazing'ono. Kwa ine zinali nyemba basi. Kwa iwo iliyonse inali ndi dzina ndi khalidwe lake. Iyi imapsa msanga, sidya nkhuni. Iyi imapirira mvula ikachuluka. Iyi imayanga pa chimanga. Iyi masamba ake ndiwo ndiwo zabwino. Iyi anabwera nayo kuchokera kwa amayi awo pa tsiku la ukwati. Kusakanizako inali inshulansi: chaka chikavuta, mitundu ina imafa koma ina imabereka. Pa maliro awo kunabwera anthu mazanamazana, ndiwo zinachepa, ndipo amayi ophika anapeza mphika uja. Palibe anachita zoipa. Anthu anadya, anakhuta, anayamikira. Koma mbewu ya zaka zoposa 60 inathera m'mbale tsiku limodzi, ndipo zotsala zochepa zomwe azakhali anapulumutsa palibe amene angazitchule zonse mayina.

N'chimodzimodzi ndi mawere. Chitipa ndi limodzi mwa maboma omwe mawere akulimidwabe, ndipo Agogo ankawasunga zaka zingapo osafumbwa, kudikira chaka cha njala. Bungwe la United Nations linatcha 2023 chaka cha mbewu za mtundu wa mawere ndi mapira, chifukwa dziko lapansi lazindikira kuti zimapirira chilala. Ku Chitedze kuli nkhokwe ya boma yosungira mbewu za makolo. Koma njere yosungidwa mufiriji popanda mawu a mlimi amene ankaidziwa ili ngati mankhwala opanda chizindikiro pa botolo.

Chachiwiri ndi malire. Miyezi iwiri chimwalirire Agogo, banja loyandikana nalo linati kamunda kena ka nthochi ndi khofi kumunsi kwa nyumba ndi kawo. Sanali anthu oipa. Iwonso gogo wawo anamwalira kale, ndipo ankanena zomwe anamva. Kumudzi malire salembedwa papepala. Amakhala m'mutu mwa okalamba: kuchokera pa mtengo wakuti, kutsika ndi kamtsinje, kukafika pa mwala pamene wakutiwakuti anapatsidwa malo ndi mfumu atabwera kudzakwatira. Lamulo la malo a makolo la 2016 limapereka mwayi woti mabanja alembetse malo awo, koma polembetsa pamafunika umboni wa malire, ndipo mboni zenizeni ndi anthu omwe tikuika m'manda chaka ndi chaka. Inu amene mukuphunzira zamalamulo kapena zoyeza malo, dziwani kuti theka la mafayilo anu a mtsogolo likugona pamphasa kumudzi, likudwala nyamakazi.

Mafayilo khumi ndi limodzi

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 pa 23 Malichi 2020, ndinatumizidwa kumudzi. Ndinali ndi kafoni kotchipa, netiweki yovuta, ndi nthawi yambiri. Madzulo Agogo akamasenda nthochi za mbalagha ndinkatsegula chojambulira mawu n'kuika foni pa mpando. Poyamba ankaseka, amvekere kodi kawailesi kako kakumva Chisukwa? Kenako anazolowera, ndipo masiku ena ankandiitana okha kuti ndibwere nako chifukwa akumbukira zina.

Ndili ndi mafayilo khumi ndi limodzi. Muli mayina a makolo kubwerera mmbuyo mibadwo isanu. Muli nkhani ya mmene amuna a m'mudzi ankapitira wapansi kukagwira ntchito ku Tanganyika ndi ku migodi ya ku Northern Rhodesia, ndi mmene akazi ankatsalira ndi minda. Muli kaphikidwe, matenda a nthochi, maliro a ana awo, ndi kuseka kwambiri. Mulinso mphindi zinayi zomwe akufotokoza mmene apongozi awo anapatsidwira kamunda ka kumunsi kaja, akutchula mtengo, kamtsinje ndi anthu amene analipo.

Mlandu wa malire utapita kwa a nyakwawa, bambo anga aang'ono anapempha kuti anthu amve mphindi zinayizo. Fayilo payokha sinagamule mlandu, ndipo sindikunena kuti foni ilowe m'malo mwa bwalo. Chomwe chinachitika n'chakuti gogo wina wa mbali inayo, atamva dzina la munthu amene anatchulidwa, anakumbukira nkhani yonse ndipo anaitsimikiza. Mabanja awiri anagwirana chanza. Mwala wa pamanda, ngakhale utakhala wokwera mtengo chotani, sukanatha kuchita zimenezo.

Koma pali mbali ina yowawa. Nditatumiza mafayilowa pagulu la adzukulu, ambiri anayankha ndi tizithunzi ta mitima ndi misozi. Kenako mmodzi analemba moona mtima kuti, mawu ndawamva ndipo ndalira, koma akuti chiyani? Pa adzukulu oposa makumi awiri, amene angamve mafayilowa popanda womasulira sakwana theka. Ana athu adzamva phokoso la mayi wokalamba akuseka, osadziwa chomwe chikuseketsa.

Gule amene alibe mawu

Mu 2018 bungwe la UNESCO linaika Mwinoghe pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, pamodzi ndi Gule Wamkulu, Vimbuza, Tchopa ndi nsima zomwe zinalowa kale. Mwinoghe ndi gule wa Asukwa, Andali ndi Abandya a ku Chitipa, wovinidwa posangalala. Amuna mzere wawo, akazi mzere wawo, ng'oma zitatu ndi wezulo. Tonse a ku Chitipa tinanyadira, ndipo mpake.

Koma taonani chinthu chimodzi. Mwinoghe saimbira nyimbo. Ndi gule wa ng'oma ndi mapazi. Ana asukulu a ku Blantyre angathe kumuphunzira sabata imodzi n'kukavina pa bwalo la masewero pa 6 Julayi popanda kudziwa liwu limodzi la Chisukwa. Ndiye chikhalidwe chimene timachikonda ife a masiku ano: chooneka bwino pa kanema, chosafuna kuti tiphunzire kanthu kovuta. Chiliza chili m'gulu lomwelo, pamodzi ndi nsalu yofanana ndi zikondwerero za chaka ndi chaka za mitundu yathu. Zonsezi ndi zabwino, koma ndi za tsiku limodzi. Chiyankhulo chimafuna Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu lomwe.

Anzanga a Chichewa musaganize kuti nkhaniyi ndi ya a kumpoto okha. Funsani Angoni a ku Ntcheu ndi ku Mchinji kuti ndi angati angachezerane m'Chingoni, ngakhale Ngoma akuvinidwabe mwamphamvu. Funsani Alomwe a ku Thyolo ndi ku Phalombe chifukwa chake Mulhako wa Alhomwe unayamba ndi kudandaula za chiyankhulo. Ngakhale Chichewa chimene, cha agogo anu a ku Dedza kapena ku Kasungu chili ndi mayina a udzu, mitambo, mitundu ya dothi ndi magawo a nyumba omwe inu simungawatchule. Ndikulemba m'Chichewa chifukwa ndi mmene tingamvanirane tonse, ndipo sindichiona ngati mdani. Mdani ndi maganizo akuti munthu ali ndi malo a chiyankhulo chimodzi kapena ziwiri zokha m'mutu mwake. Agogo anali ndi zisanu, ndipo mutu sunawapweteke.

Zomwe ena anganene

Wina adzati chiliza ndi ulemu, ndipo mwana wasukulu asaphunzitse akuluakulu kulira. Ndikuvomereza. Chiliza chimasonkhanitsa banja lomwe linabalalika, chimatseka maliro, chimathandiza kuti manda asasowe m'tchire. Sindikunena kuti tisiye. Ndikunena za kukula kwake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa simenti, matailosi ndi mayendedwe unakwera, koma mpikisano wa ziliza sunatsike. Mabanja akulowa ngongole kuti mwala wawo usachepe poyerekeza ndi wa manda oyandikana nawo. Pamenepo tikulemekeza womwalirayo kapena tikudzionetsa ife amoyo?

Wina adzati Chisukwa sichilembetsa ntchito. Zoona, palibe kampani imene idzakufunseni mafunso m'Chisukwa. Phunzirani Chingerezi, ndipo muchidziwe bwino. Koma namwino amene watumizidwa ku chipatala chaching'ono cha kumapiri, mlangizi wa zaulimi, wapolisi, woweruza milandu, onsewa amagwira ntchito ndi anthu onga Agogo. Mayi wokalamba akamalongosola ululu wake kudzera mwa mdzukulu wa zaka khumi, zambiri zimatayika panjira, ndipo zina sanganene n'komwe pamaso pa mwana. Chiyankhulo cha kwanu ndi luso la ntchito, kungoti palibe analilemba pa satifiketi.

Wina adzati si zonse za makolo zomwe zinali zabwino. Apanso ndikuvomera. M'mafayilo anga muli zinthu zomwe Agogo ankaziona ngati zabwinobwino koma ine sindingazifunire mwana wanga, monga kukwatiwa ali wamng'ono, chokolo, ndi mwana wamkazi kusalandira munda wa bambo ake. Kujambula mawu a munthu si kulonjeza kuti udzachita zonse zomwe wanena. Ndi kusunga umboni wonse kuti obwera m'mbuyo adzasankhe akudziwa. Ndipo mukamvetsera bwino mudzapeza kuti agogo ambiri anali ndi madandaulo awo pa miyambo yomweyo, kungoti palibe anawafunsapo.

Pali chinanso chomwe sitiyenera kuchibisa. Dziko lomweli limene limamanga ziliza zokongola ndi lomwenso limapha okalamba powaganizira ufiti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi mtsikana wina atafa ndi mphezi, ndipo nkhani zotere zikumvekabe chaka chilichonse, kumpoto komwe. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire mu 2024, koma lamulo silingakhale pakhonde ndi gogo. Amene amanenedwa ufiti kawirikawiri ndi gogo amene amakhala yekha, amene adzukulu ake sabwera, amene amayankhula yekha chifukwa palibe womuyankhula. Gogo amene mdzukulu wake wa ku yunivesite amabwera kudzakhala naye pansi ndi kope m'manja, mudzi umamuona mwa mtundu wina. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo losapitidwa limasanduka malo oopedwa.

Tingachite chiyani

Sindikupempha boma kapena mabungwe kanthu m'nkhani ino. Ali ndi mbali yawo, koma kudikira iwo ndi kudikira maliro ena. Ndikuyankhula ndi inu amene muli ndi foni m'manja.

Ngati agogo anu ali moyo, holide ikubwerayi pitani ndi foni yodzaza moto. Apempheni chilolezo, ndipo auzeni amene adzamve. Zina adzakuuzani kuti muzimitse kaye, ndipo muzimitsedi. Musawafunse kuti anene za chikhalidwe, chifukwa adzakupatsani zomwe amamva pa wailesi. Afunseni zinthu zazing'ono. Munda uwu unabwera bwanji m'banja? Nyemba iyi dzina lake n'chiyani? Chaka cha njala munadya chiyani? Munakumana bwanji ndi agogo aamuna? Asiyeni ayankhule m'chiyankhulo chawo, ngakhale inu muzimva theka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsiku loyamba adzachita manyazi, lachitatu simudzawaletsa.

Mukajambula, musasiye mafayilo mufoni imodzi. Foni zimabedwa m'minibasi. Tumizani kwa abale atatu, sungani pa imelo, lembani tsiku, malo ndi dzina la woyankhula. Kenako khalani pansi ndi azakhali kapena amalume amene amachidziwa bwino chiyankhulocho, mulembe mawuwo ndi kuwamasulira. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa. Mphindi khumi za mawu zingakudyereni madzulo onse. Koma ndi mmene ine Chisukwa changa chakulira chaka chino kuposa zaka zonse za m'mbuyo.

Inu a chaka chomaliza amene mukusaka mutu wa kafukufuku, simukuyenera kubwereza mutu womwe anzanu makumi atatu analemba kale. Wa zaulimi angalembe mitundu ya nyemba kapena nthochi za m'mudzi umodzi ndi mayina ake. Wa zamalamulo angalembe mmene malire amakumbukiridwira. Wa zamakompyuta angapange kamtanthauziramawu ka pa foni. Wa zaumoyo angasonkhanitse mawu omwe odwala okalamba amagwiritsa ntchito pofotokoza ululu. Wa zamaphunziro angalembe timabuku ta ana tiwiri kapena titatu.

Ndipo pa gulu la banja, pamene bajeti ya chiliza ikukambidwa, limbani mtima mupemphe kuti kagawo kakang'ono, ngakhale kamodzi pa magawo khumi, kapite ku zinthu zamoyo. Kangalipire ulendo wa mdzukulu wokajambula mng'ono wawo wa malemuyo amene watsala. Kangasindikize kabuku ka masamba makumi awiri ka mayina a makolo, kogawidwa pa tsiku lovundukula mwala. Kangagule bulangete ndi mankhwala a gogo wina wa m'banjamo amene akadali moyo, amene chiliza chake tidzachikangalikire zaka zikubwerazi pamene lero akugona m'nyumba yodontha.

Amene agogo anu anapita kale, musati mwachedwa. Pamudzi pali anzawo amene anatunga nawo madzi, anavina nawo, anaika nawo ana m'manda. Iwowo akudziwa nkhani za agogo anu zomwe ngakhale makolo anu sazidziwa, ndipo palibe amene amawafunsa. Gulani shuga ndi sopo, mupite mukakhale nawo pansi. Funso loyamba lisakhale lovuta. Afunseni dzina la amayi awo, ndi kumene amayiwo anachokera. Kenako khalani chete, foni ijambule.